Kanyali Kofiira ka Doris

Loweruka, 11 Meyi

Doris, galimoto yathu, wafa. Injini yanoka 2 koloko itangodutsa, ulendo wanga wachitatu kulowa m'bwalo lothamangitsira magalimoto. Phokoso ngati munthu akumenya poto ndi hamala, kenako utsi, kenako zii. Ndinakhotera pa udzu monga amatiuzira m'mawa uliwonse. Anyamata a mbendera anaimitsa aliyense. Magalimoto makumi awiri kutuluka m'bwalo chifukwa cha ine, Bernadette, mayi wa zaka 59 wogulitsa mankhwala a chifuwa.

Zaka zisanu ndi chimodzi tikumanga galimoto imeneyi, ine ndi mchimwene wanga Vince. Inabwera m'mabokosi khumi ndi anayi. Mipando iwiri, denga palibe, yachikasu ngati dzira. Injini Vince anaiphwasula n'kuimanganso yekha nyengo yozizira yonseyi, pang'onopang'ono, dzanja lamanja litafooka ndi sitiroko ija. Kuyendetsa adokotala anamuletsa. Ndiye ndimayendetsa ine, iye amaima pa kakhoma, wotchi m'thumba, poti kuwerenga nthawi n'koletsedwa pa masiku ngati awa. Si mpikisano, amatero. Bodza.

Tinabwerera, Doris pa ngolo kumbuyo. Tikulowa mumzinda wa Preston m'pamene Vince anatsegula pakamwa. "Ndi dzanja langali, Bern. Pali bawuti yomwe sindinaimange."

Ine chete.

Ambuye, mukudziwa chomwe ndinakhalira chete. Lero sindilemba.

Lamulungu, 12 Meyi

Misa ya 10. Sindinalandire Mgonero. Mayi Cowburn a m'kwaya anandiyang'ana kawiri.

Ndilembe basi.

Lamulo la Vince: usanalowe m'bwalo, yeza oyilo. Nthawi iliyonse. Masana ndinali pa mzere wa tiyi ndi banzi ya nyama yankhumba. Kumbuyo kwanga bambo wa galimoto yobiriwira uja, amene wakhala akundidutsa zaka ziwiri. "Agogo, mukatopa mudzanene, tidzakukankhani." Anzake kuseka. Nditabwerera mutu utatentha, Vince anafunsa, wayeza? Ndinati ndayeza.

Sindinayeze.

Si zokhazo. Pa khona lalitali la kumanja kanyali kofiira ka oyilo kanaphethira. Ndinakaona. Ulendo wotsatira kanaphethiranso. Koma yobiriwira inali pamphuno panga penipeni, koyamba chibadwire. Ndinati kamodzi kokha, Ambuye, kenako ndiima. Anam'kwezera mbendera yabuluu, anapatuka, ndinam'dutsa. Ndinaimba Aleluya m'chipewa. Theka la bwalo, injini phwa.

Kunyada, bodza, tsopano mantha. Zitatu tsiku limodzi.

Lachitatu, 15 Meyi

Mvula. Basi inachedwa. Chala changa chaphazi chayambanso kuwawa.

Ndinadzera kwa Vince, nyumba yachitatu kuchoka pa yanga. Doris wam'funditsa nsalu ya pabedi ya malemu amayi, ngati mtembo. Injini akukana kuitsegula. "Ndikaonemo chiyani? Manyazi anga?" Anali pampando, masilipasi kuphazi, akuonera mafunso a pa TV masana dzuwa likanali. Vince amene ankati TV ndi ya anthu odikira bokosi.

Choipitsitsa: walengeza pa tsamba la kalabu kuti akugulitsa zida zake zonse. Bokosi lake lofiira la zidazo, zaka makumi anayi za ntchito yake yosula zitsulo. Munthu abwera kudzaona pa 25. Dotolo ananena chaka chatha kuti galaja yake ndi imene yam'dzutsa mchimwene wanuyu, osati mapilitsi. Zida zikapita atsala ndi chiyani?

Kakamera ka kumbuyo kwa mpando wa Doris kanajambula zonse. Khadi yake ili ndi ine. Ndinaionera kuntchito nthawi yopuma, m'chipinda chosungira katundu. Kanyali kakuoneka bwinobwino. Aleluya wanganso akumveka. Chala chinafika pofufutira. Sindinafufute, sindinam'patsenso. Ndaiika m'kathumba ka korona wopempherera, ndiye korona sindikuigwira.

Loweruka, 18 Meyi

Kulapa, 4 koloko. Bambo Tunstall, wansembe wathu. Ndinayamba ndi zing'onozing'ono, miseche ya kuntchito, kenako ndinakhuthula zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Nanga wobiriwirayo munam'dutsadi?" Ndinati eya, Bambo. Anatsokomola. Ndikukhulupirira kunali kuseka.

Koma zotsatira sizinali zoseketsa. "Injini ndi chitsulo, mwana wanga, Mulungu sadandaula nayo. Inu mwam'bera munthu dzanja lake. Chakuba amabweza kwa mwini wake, osati kwa wansembe."

Ndinayembekezera Tikuoneni Maria khumi. Ndikanakonda zana.

Lamulungu, 19 Meyi, Pentekoste

Ndachita.

Ndinapita ndi payi ya mbatata ndi anyezi, imene amaikonda, ngati chishango. Ndinaika kompyuta patebulo, ndinati Vince, onera ichi, usayankhule mpaka chithe. Ndinanena ndekha chisanayambe: oyilo sindinayeze, ndinakunamiza.

Anaonera katatu. Kachitatu akuwerenga mokweza kuphethira kwa kanyali. Khumi ndi kamodzi. Ine ndinkayesa kanayi.

Kenako kunagwa mvula yamatalala. "Bernadette Mary!" Dzina lonse, ngati amayi. "Khumi ndi kamodzi! Kanyali kakukuwa, iwe ukuimba nyimbo za tchalitchi! Mbuzi yomwe ikanaima!" Anati sabata yonse sanagone, ankayang'ana dzanja lake ngati la mdani. Mawu amenewo ndi amene anandilasa. Ndinati pepa. Anati tuluka. Ndili pakhomo silipasi inandiphonya pang'ono, inagunda chitseko, pha!

Ndinalira mpaka kwathu. Ndikuthira madzi m'ketulo ndinaima. Anaponya ndi dzanja lamanja. Lamanja! Ndipo chaka chonsechi sanakalipepo chonchi, mawu onse omveka, lilime osakokera.

Mzimu Woyera, kodi mumabweranso ndi silipasi?

Payi inatsala komweko.

Lachinayi, 23 Meyi

Masiku anayi. Foni zii. Ndikadutsa, makatani otseka. Chilengezo cha zida chikadalipo, ndimayang'ana katatu pa tsiku.

Mwina ndam'bwezera dzanja n'kutaya mchimwene. Tatsala awiri okha. Mchemwali wathu Colette ali ku manda, mchimwene wathu Gerard ku Australia ndi chimodzimodzi.

Mbale ya payi ndinaipeza pakhomo panga m'mawa. Yotsuka. Palibe kakalata. Ndaiyang'ana mbaleyo ngati Baibulo, kufuna tanthauzo.

Loweruka, 25 Meyi

Wogula zida anabwera 10 koloko ndi vani yoyera. Ndinali pawindo, korona m'manja. Mphindi khumi. Anatuluka chimanjamanja, akupukusa mutu.

Foni. Vince. "Bwera ndi ovololo yako. Ndi mabisiketi, osati aja otsika mtengo." N'kudula.

Nsalu ya amayi inali itapindidwa kale. Tinakweza injini ndi tcheni, tinatsegula pansi pake. Oyilo wotsala sanadzaze ngakhale botolo la mkaka, wonyezimira ndi tizitsulo. Ndinafuna nthaka indimeze.

Kenako anandipatsa sipanala yake yoyezera, ija imalira kuti "tha" bawuti ikakwana mphamvu yake. Mabawuti asanu ndi atatu a mikono ya mapisitoni, amene ankawakayikira. "Yesa iliyonse. Uzinena mokweza." Yoyamba, tha. Yachiwiri, tha. Ine ndikuwerenga ngati mwana wa sukulu. Yachisanu ndi chitatu, tha. Palibe ndi imodzi yomwe inasuntha.

Vince anaika dzanja lamanja pa benchi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anamina m'chisanza cha oyilo, mphuno yonse bii. Sindinam'uze.

Zowonongeka: mabering'i onse anapsa, kirankishafuti, chitsulo chachikulu chozungulira m'kati mwa injini, yakalika, mkono umodzi wapindika. Zina zonse zili bwino. Chilango changa: kutsuka kachitsulo kalikonse mu palafini ndi mswachi. "Wansembe wako ndi wofatsa," anatero. "Ine ayi."

Loweruka, 8 Juni

Manja akununkha palafini mpaka makasitomala akufunsa. Ulendo wa ku malo oyera ku Lourdes ndausiya chaka chino, kirankishafuti yaudya. Amayi Maria amvetsa.

Kirankishafutiyo yabwera kuchokera kosula, yosalala ngati galasi. Vince wawotcherera timakoma m'sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, kuti oyilo asamathawire mbali imodzi pa khona lalitali. Akuti anayenera kutero kalekale. "Cholakwa chimenecho ndi changa. Zina zonse ndi zako." Ndalandira.

Kanyali kaja wakachotsa. M'malo mwake waika nyali ya kumbuyo kwa ngolo, yaikulu ngati sosala, pamwamba pa chiwongolero, ndi belu lolira ngati mwana wanjala. "Iyi ngakhale wakhungu wa ku Yeriko aiona."

Dzanja la Vince limanjenjemerabe. Lero nati inagwa kanayi. Ndinkatola mwakachetechete mpaka anati, "Usandimvere chisoni, Bern, ndikuponyanso silipasi." Mabawuti atsopano anamanga yekha, manja onse awiri pa sipanala, lilime panja ngati kale. Tha.

Mawu akuti ndakukhululukira sanatuluke. Mwina sadzatuluka, kwathu sitinaphunzire. Koma tiyi anandipangira yekha, m'kapu ya malemu mkazi wake imene sapatsa munthu. Ndinalandira Mgonero Lamulungu lapitali. Mayi Cowburn anayang'ananso kawiri.

Loweruka, 22 Juni

Dzuwa. Chitseko cha galaja chotsegula, anthu a mumsewu akuchedwa dala podutsa.

Injini ili m'malo mwake kuyambira dzulo madzulo. Mawaya onse, mapaipi onse. Vince walembetsa kale tsiku lina ku bwalo, 20 Julaye, Doris asanalire n'komwe. Chikhulupiriro choposa changa, munthu amene amapita ku Misa pa maliro pokha. Akuti wobiriwira uja walembetsanso, ndipo ndikapanda kum'dutsa ndi oyilo wokwanira ndibwerere pa basi.

M'mawa anafunsa osandiyang'ana: "Wayeza?" Pakamwa panatsala pang'ono kuyankha pokha. Ndinati ayi, dikira. Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo, kupukuta, kulowetsa, kusololanso, n'kumuika pamphuno. Anayang'ana kachitsulo, anayang'ana ine. "Chabwino," anatero. Basi. Koma chabwino wake ndimam'dziwa.

Wandithamangitsira kukhitchini kuti ndisam'pumire m'khosi akuyang'ana komaliza. Ndikulemba pa tebulo lake. Ikakana kulira? Ikalira n'kugogoda? Ambuye, si galimoto yomwe ndikupempherera, mukudziwa. Komabe ngati muli ndi kamphindi.

Akuitana. Akuti kiyi apotokola yekha, ndi lamanja, ine ntchito yanga ndi kuyang'ana nyali ndi kutseka pakamwa, Aleluya asamveke mpaka nyaliyo itazima. Ndikupita.