Dalaivala wa Timu Yathu

Koleji ya Aphunzitsi,
Kumapiri kuno, Dowa.
14 Julayi, 1995.

Okondedwa achimwene Andireya,

Kalata yanu yochokera ku Lusaka inandipeza sabata yatha, ndipo ndaiwerenga kangapo mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Ndakondwa kumva kuti inu, alamu anga a Magdalena ndi ana muli bwino, ndiponso kuti mwatsimikiza zobwerera kumudzi mwezi wamawa patapita zaka zisanu ndi zinayi. Kuno tilipo. Elube wakolola chimanga chochepa chifukwa mvula inadula msanga, koma sitikugona ndi njala. Chisanu cha chaka chino n'choluma. M'mawa nkhungu imaphimba bwalo moti ukaima pa golo ili suona golo linalo.

Mwafunsa za mpira. Zimene anakuuzani munthu wa ku Mponela uja n'zoona: chikho cha makoleji chili mu ofesi ya aprinsipolo, ndipo tachitenga ndife. Ndikufotokozerani zonse, koma mupirire nane, chifukwa nkhani ya chikhochi ili ndi mchira wake.

Mukukumbukira mmene ndinaipezera timuyi mu 1985. Bwalo linali lotsetsereka, chulu chili pakati, ndipo mpira unali umodzi, wosokedwa ndi ulusi wa mabelo a fodya. Matimu a m'maesiteti a ku Bowe ankatimwetsa zigoli zisanu ndi ziwiri uku akuseka. Chaka choyamba tinagumula chulu chija ndi makasu. Kenaka ndinayamba kuyenda panjinga m'masekondale mpaka ku Dzoole, kuuza anyamata aluso kuti akafuna uphunzitsi asankhe koleji yathu. Ndinaika lamulo loti wolephera mayeso sasewera, ndipo wochedwa amakwera phiri mothamanga n'kutsikanso. Ena anadana nane, koma pofika 1992 tinali titasiya kuchititsa manyazi. Vuto linatsala pagolo. Ife tikamwetsa ziwiri, goloboyi wathu ankalola zitatu.

Mu Januwale chaka chatha koleji inalemba dalaivala watsopano wa lole, dzina lake Dominiko. Ndi bambo wamfupi, wojintcha, wosalankhulalankhula. Tsiku lina anaima pambali pa bwalo n'kuuza goloboyi wathu Fletcher kuti, "Usamayang'ane mpira. Uziyang'ana chiuno cha womenyayo." Anyamata anaseka. Iye anavula nsapato, nalowa pagolo, ndipo mwa mapenate asanu ndi limodzi anagwira anayi. Nditamupempha kuti azitithandiza anangoti, "Ngati inuyo simukuonapo vuto, a kochi."

Achimwene, munthuyu ntchito amaidziwa. Miyezi isanu isanathe, Fletcher anali atasanduka khoma, ndipo otchinga kumbuyo anayamba kumvana ngati ana a mimba imodzi. Tinatha chaka osagonja pabwalo pathu. Koma ine mtima sunakhazikike. Ndikamufunsa komwe ankagwira ntchito kale, ankangoti, "M'boma." Kwawo sanatchulepo. Masiku ano a matipate aliyense akulankhula zakukhosi pamsika, koma iyeyu ali duu. Anyamata akamakangana za zipani, iye ankangowayang'ana mmodzimmodzi ngati akuloweza nkhope zawo, ndipo inu mukudziwa bwino kuti anthu otere tinkawaopera chiyani. Elube nayenso anaona. Anati, "Bambo a Sharon, munthu uja akafika pakhomo amayamba waunguza mazenera asanapereke moni. Kodi mukumudziwa bwino?" Ndinakafunsa kwa kalaliki wa koleji, koma m'failo mwake munali laisensi yokha. Ndinafika pomabisa maina a osewera m'sokosi mpaka nthawi yolowa m'bwalo.

Mu Meyi tinapita kukasewera ku Ntchisi. Tinapeza mlatho akuukonza, ndiye Dominiko anakhotera kanjira ka m'mapiri kamene ndinkaganiza kuti amakadziwa ndi eni dera okha. Ndinakhala naye kutsogolo. Tikudutsa kasukulu kaja komwe munakabisala muli kuphunzitsa, mutalankhula mawu aja okhudza njala pamaliro a amalume, iye anachepetsa liwiro nati, "Akulu anu ankakhala nyumba iyo, pafupi ndi mkuyuwo." Ine ndinali ndisanamuuzepo kuti ndili ndi mkulu wanga. Masewerawo tinapambana, koma amene anamwetsa sindikumukumbuka.

Titabwerako ndinamuletsa kufika pabwalo. Anyamata ndinawanamiza kuti aprinsipolo adandaula kuti lole sikusamalidwa. Fletcher anabwera kwa ine, manja kumbuyo, nati, "A kochi, ngati talakwa ndife, mulange ifeyo." Ndinamukalipira n'kumubweza. Pamasewera olowera m'ndime yomaliza mnyamatayo anali ngati wina. Anagwetsa mipira iwiri yosavuta, ndipo tinapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, zitatu kwa ziwiri.

Lolemba lake masana ndinamupeza Dominiko akutsuka lole kuseri kwa khitchini.

"A Dominiko, akulu anga munawadziwa bwanji?" ndinafunsa.

Sanasiye kupukuta galasi. "Ndinkayendetsa galimoto ija ndine, a kochi."

"Galimoto iti?"

"Yopanda nambala ija. Inaima apo, pansi pa bulugama, tsiku Lachinayi. Inu munali ndi wenzulo m'khosi."

"Ndiye mwabwera kudzamaliza ntchito yanu? Mukulemba maina a anyamata anga?"

"Ndilembere yani? Owerenga malipoti aja kulibenso. Kuno ndabwera chifukwa n'kumene ndinapeza ntchito, basi." Anafinya chinsanza chake, kenaka anandiyang'ana. "Njira ija sindinkaidziwa ine. Munaijambula ndinu, pansi, ndi kamtengo. Mlatho, mkuyu, sukulu. Ndinali m'galimoto ndikuona."

Achimwene, mawu otsatirawa ndayamba ndawalemba katatu papepala lina. Dominiko sananame. Lachinayi limenelo, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, kunabwera amuna awiri ovala masuti, nati akungofuna kucheza nanu, ndipo ine ndinadziwa kuti akunama. Mmodzi anafunsa za Elube, yemwe anali woyembekezera, namutchula dzina. Winayo anayang'ana bwalo nati zingakhale zachisoni kuti munthu avutike kugumula chulu koma osaona mpira ukugubuduzika pamenepo. Sanandimenye. Sanakweze n'komwe mawu. Ndinawerama n'kutola kamtengo. Zaka zonsezi ndakusiyani mukuganiza kuti anakuperekani ndi ahedi a sukulu ija. M'makalata anu mwawatchula kangapo ndi mawu owawa, ine n'kumangokhala chete, mpaka munthuyo anamwalira mukumudabe.

Dominiko anawonjeza zina. Akuti atafika pa Mponela anamasula kawaya ka mu injini, galimoto inazima, ndipo anatha maola atatu akunamizira kukonza. Akuti ananong'oneza mayi wina wogulitsa nthochi, yemwe ankakwera basi ya ku Ntchisi, kuti akakuuzeni muthawe msanga. Nditamufunsa chifukwa chake, anati munaphunzitsapo mlongo wake ndipo munamubwezera kusukulu makolo atafuna kumukwatitsa.

Nkhaniyi ndi yokoma, ndipo n'chifukwa chake ikundikayikitsa. Masiku ano aliyense wa nthawi ija akuti ankathandiza anthu mobisa. Ukawamvera onse ungadabwe kuti nanga ogwira anthu aja anali ndani. Mwina anafufuza za mlongoyo kuti apeze pogwira. Mwina anadutsira dala njira ija kuti andikumbutse zoti pakamwa pake pali mbiri yanga. Kuchokera tsiku limenelo sananenenso kanthu ndipo sanandipemphe kalikonse, koma kukhala chete kwakeko n'kumene kukundisowetsa mtendere.

Mawa lake ndinamubwezera pabwalo. Sindikunamizani kuti ndinamukhulupirira. Kunali kutatsala masiku khumi kuti tisewere ndime yomaliza, ndipo ndinkachifuna chikho. Mwinanso ndinkaopa kuti ndikamutaya alankhula.

Tinasewera ndi koleji ina ya ku Lilongwe, anyamata ataliatali okhala ndi nsapato zatsopano. Anthu anabwera pa njinga ndi pa ngolo, ena anakwera m'mitengo. Chigawo choyamba anatimwetsa chimodzi. Popuma sindinakalipe. Ndinangowauza kuti alendowo sadziwa kuthamanga pamtunda, ndiye awathamangitse mpaka atope. Kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu, Chifundo, mwana wa matenanti a ku Bowe, anabweza ndi mutu. Tinapita kumapenate. Fletcher anayang'ana chiuno monga anaphunzitsidwa, nagwira awiri. Anyamata anandinyamula pamapewa, amayi akululutira, fumbi lili koboo. Zaka khumi ndakhala ndikudikira tsiku limenelo, koma ndili m'mwambamo maso anga ankafunafuna Dominiko. Anali atakhala m'lole, chitseko chili chotsekula, akungondiyang'ana. Sanawombe m'manja, sanamwetulire, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene chinali mumtima mwake.

Tsopano aprinsipolo akufuna kumulemba kuti akhale wothandizira wanga weniweni, ndipo akudikira mawu anga mwezi uno usanathe. Anyamata akumufuna. Timu ya chaka chamawa singalimbe popanda iye. Ndiye ndikukupemphani chinthu chimodzi, ngakhale ndilibe nkhope yopemphera. Anakuchenjezani ndani tsiku lija? Simunandiuzepo. Ngati anali mayi wa nthochi, ndidzamugwira dzanja Dominiko pamaso pa timu yonse. Ngati sanali iyeyo, ndidzadziwa kuti ndasunga njoka pakati pa ana a eni. Yankho lililonse silindiyeretsa ine, zimenezo ndikuzidziwa. Iye mwina ali ndi podzitetezera, koma ine ndilibe.

Elube sakudziwa chilichonse cha kamtengo kaja. Ndimuuza lero ndikachokera ku positi, chifukwa kalatayi ikangolowa m'bokosi sindingathenso kubwerera m'mbuyo. Kwa ana a ahedi aja ndipita ndekha Loweruka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Magdalena, ndipo muwawerengere kalatayi, pakuti nawonso anayenda pansi mpaka kumalire ali ndi khanda kumsana. Moni kwa ana onse. Sharon, amene simunamuonepo, ali mu sitandade 3 ndipo tsiku lililonse amafunsa kuti abambo aakulu afika liti. Chipinda chanu takonza kale, ndipo chikhala chanu kaya mubwera kudzagonamo kaya ayi. Mundiuze tsiku. Ndidzakhala pa siteji pa Mponela kuyambira m'mawa. Mukadzaona kuti simungathe kundipatsa dzanja, mudzapatse Sharon. Ine ndidzanyamula katundu n'kumabwera pambuyo panu.

Ndine mng'ono wanu, ngati mukundilolabe dzina limeneli,

Reinford.