Galimoto Ili pa Njerwa

Domasi,
19 Seputembala, 1971.

Okondedwa achimwene a Stewart,

Phukusi lanu lochokera ku Halale lafika Lachiwiri. Ndinakalisenza ndekha pamutu kuchokera ku positi, khosi mpaka pano likuwawa. Kalata yanu ndawerenga, masamba atatu onse a mabuleki atsopano ndi mahabu omangapo mawilo, ati galimoto ya malemu bambo idzaima ngati ya bwana. Za alamu anga a Irene mzere umodzi basi, kumapeto, mochita kupanikiza.

Ndikukumbutseni, poti mwina kumeneko mumaiwala. Pa Khirisimasi galimoto imene ija inkayenda. Yokalamba inde, mabuleki ochita kupopa katatu, koma inkafika ku Zomba n'kubwerako. Inu munaikweza pa njerwa, n'kumasula mahabu onse anayi, kuwalonga m'thumba kuti mukayerekeze pogula atsopano. Che Rashidi, amene amayendetsa lole, anakuchondererani kuti mutengepo imodzi yokha, zotsalazo iwo asakasaka mnzake ku Limbe. Munawaseka, ati iwo amadziwa za malole a nsomba. Munati mwezi umodzi wokha. Munthu wosamva inu, nkhutukumve weniweni, ndipo ndakwiya nanu.

Kodi simunawerenge miyezi? Ife amayi tinkawerenga. Loweruka lapitali m'mawa matenda a alamu anayamba, ndipo pofika masana azamba anati mwana wakhala mopingasa, tithamangire kuchipatala ku Malosa. Lole ya Che Rashidi inali ku Liwonde. Iwo anabwera wapansi, naima n'kumayang'ana galimoto yanu, petulo alimo, kiyi ali m'manja mwanga, nkhuku zikuikira pa mpando. Anangoti, "Mayi, mawilo ndimanga pati?"

Tinazula chitseko cha nyumba yanu n'kugonekapo alamu. Amuna anayi anawanyamula, dzuwa lili pamutu, mpaka kumsewu, ndipo kumeneko tinadikiranso galimoto yodutsa. Ine ndivomere, Julaye ndinafuna kukulemberani kuti mubweze zitsulo zakale zomwezo, koma ndinaopa kuti mundinena kuti mkazi adziwa chiyani za galimoto. Mantha amenewo andidya.

Alamu ali moyo, madokotala anayesetsa. Mwana ndiye sanalire. Tinakamuika ife amayi okhaokha, mopanda maliro, monga mudziwa mwambo wake. Anali wamwamuna, achimwene, mphuno ngati yanu.

Mwafunsa ngati Che Rashidi angayambe kumanga. Sindinawauze. Phukusi lili pakhomo panu losamasula, ndatsamiritsira chitseko chija poti mahinjesi anathyoka. Mubwere mudzamange nokha, muone kumene mudzapite nayo.

Mayi akupereka moni. Amuna anga a Yoswa ndi ana akupereka moni. Alamu ndinawafunsa dzulo ngati ndilembe moni wawo, anatembenukira kukhoma, ndiye sindilemba bodza.

Ndine mlongo wanu,
Esnath.