Amayi alanda kapilo ka mdzukulu

Aphungu,

Ndine bambo! Pepani ndayamba ndi kukuwa, koma masiku ano ndikuuza aliyense, ngakhale anthu ongodutsa pamsewu. Mkazi wanga wandiberekera kamnyamata, tizala take ngati timitengo ta machesi, ndipo kakayasamula ine ndimaomba m'manja. Kuntchito akuti ndikumangoseka ndekha. Akunena zoona.

Vuto ndi amayi anga. Iwo ndi dokotala wa ana, ndipo moyo wawo wonse akhala akufufuza za makanda amene amamwalira ali m'tulo, komanso za matenda a mphumu. Tsiku limene anabwera kudzaona mdzukulu sanakhale n'komwe pansi. Analunjika pakabedi n'kuchotsa zidole zonse, bulangete laubweya, ndi kapilo kamene mkazi wanga anasoka yekha ali woyembekezera. Kapeti anaikulunga. Apongozi anga aamuna, omwe amasuta, amayi anawauza kuti, "Bambo, fodya kunja kwa mpanda, ndipo jekete limeneli lisalowe muno." Akuluwo anatuluka mwakachetechete ngati mwana wasukulu, ine kuseka mpaka misozi.

Tsopano amabwera masana aliwonse. Amaima pakabedi manja ali kumbuyo, kuyang'ana kachifuwa kakukwera ndi kutsika, basi n'kumapita. Dzulo mkazi wanga anati, "Bambo a mwana, amayi asiye kutiyendera ngati ali mu wodi, apo ayi ine ndi mwana tikakhala kwathu." Aphungu, tizala timeneti tikachoka ine ndipenga. Nditani?

B.K.T., mtauni muno


Bambo watsopano,

Zabwino zonse, koma khalani kaye pansi musanagwe.

Pa zakabedizo amayi anu sakulakwa. Khanda ligone chagada, pamatiresi olimba, popanda pilo kapena zidole, utsi wa fodya uli kutali. Koma kapilo kaja musakataye. Kasungeni adzagonere akakula, ndipo mkazi wanu amve zimenezi pakamwa panu. Amayinso muwauze nokha, mwaulemu, kuti nyumbayo ili ndi mwini wake: malangizo ndi olandiridwa, koma aziyamba apempha asanakhudze kanthu. Ntchito imeneyi musamusiyire mkazi wanu.

Kenako werenganinso kalata yanu. Manja kumbuyo? Ndiye kuti mdzukuluyo sanamunyamulepo! Amayi anu akhala zaka zambiri akumva nkhani za makolo amene anapeza kabedi kali zii. Mukuonazo si nkhanza. Ndi mantha, ndipo akula chifukwa ulendo uno mwanayo ndi wawo.

Mufotokozereni mkazi wanu zimenezi. Akavomera, mawa iyeyo ndiye amutenge mwanayo n'kumuika m'manja mwa amayi anu, inu awiri mulowe kukhitchini.

Chenjezo langa ndi ili: mwana akayamba kubanika kapena kulira m'chifuwa, thamangani kuchipatala, osatsutsana. Koma mawa mukamva wina akulira pabalaza, musathamangireko. Olirawo akhala agogo.