Ndasaina Zaka Zina Ziwiri

14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Chithunzi chija ndalandira. Moti mwana wanga wagweruka mano awiri ine osadziwa? Ndachimata pakhoma, pafupi ndi tebulo lowerengera.

Ndasankha kalata chifukwa pafoni mumandigwira msanga ndikamanama. Thandizo la sukulu lija linatha mu Julayi, ndipo ndakhala ndikukubisirani. Anandipatsa la zaka zitatu, koma kafukufuku wa digiri yaudokotalayi sanathe. Ndalembera mabungwe asanu ndi anayi. Ena ati amathandiza nzika zokha, ena ati ongoyamba kumene. Limodzi linkafuna osapitirira zaka 35, pomwe ine ndinakwanitsa 36 mu Malichi. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Mayi wa ku ofesi ya ophunzira akunja anandipatsa pepala la mabungwe ena, koma nditaliwerenga ndinapeza kuti ndi omwe anandikana kale. Ganyu naye chiphaso changa chokhalira m'dziko lino chimalola maola ochepa pamlungu, ndipo zomwe ndimapeza potsuka mbale m'kantini zimathera pa lendi.

Lolemba lapitali apulofesa anandiitana. Anati andilipirira fizi ndi chipinda kuchokera m'thumba la kafukufuku wawo, koma ndiziwagwirira ntchito m'labu zaka ziwiri, kafukufuku wangayu ndizichita nthawi yotsala. Tizilombo timene amaweta m'mabotolo timafuna kudyetsedwa tsiku lililonse, ngakhale patchuthi. Ndinawauza kuti kwathu ndili ndi mwana amene ndinamusiya asanayambe sukulu.

Anandiyang'ana mwachifundo ndithu, n'kunena kuti, "Ndikumvetsa. Koma pali anayi amene akudikira malo omwewa. Undiyankhe pofika Lachisanu."

Achemwali, ndinatsitsa chikwama kuti ndilongedze. Koma ndibwere chimanjamanja, zaka zitatu zipite m'madzi, ntchito yauphunzitsi ndinasiya kale? Ndinasaina Lachinayi. Pasipoti nayo ili ku ofesi yoona za alendo, ati miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndikailanda chiphaso chatsopano chisanatuluke sindidzaloledwa kubwereranso. Choncho Disembala uno sindibwera. Ndasanduka mbuzi ya pachingwe, yodya pomwe chingwe chalekeza.

Ndikudziwa kuti tinapangana zaka zitatu zokha, ndiponso muli ndi ana anu ofuna kuwasamala. Alamu akadandaula musandibisire, ndidzawalembera ndekha.

Mundiperekere moni kwa onse pakhomo. Mwanayo musamuuze kanthu, ndidzamuuza ndekha Lamlungu ndikalimba mtima. Ndili ndi pempho limodzi. Tsiku lija mukumupatsa foni, ndinamumva akufunsa kuti, "Amayi, ndi amayi a pafoni?" Inu munamukalipira poganiza kuti sindinamve. Chonde musamukalipirenso. Sananame.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.