Mabotolo a Tisa

Lachinayi. Lero mtima wakhala pansi.

Chimvekereni mphekesera yoti azungu aleka kutumiza ma ARV, mng'ono wanga Tisa wakhala akumwa modumphitsa masiku kuti asathe msanga. Ndinazindikira dzulo. Ndinamukalipira, ndipo m'mawa ndamukokera ku kiliniki ku Kabwata.

"Mankhwala yalipo, iwe," atero ba nesi. "Osamvela va pa foni." Amupatsa mabotolo odzaza.

Ine amene ndinkakuwa ku yunivesite, ndisanaisiye, kuti thandizo lakunja ndi unyolo, ndathokoza ngati mwana. Sindinasinthe maganizo. Thandizo la misonkhano ya m'mahotela apamwamba a ku Kabulonga azunguwo alitenge, koma la mankhwalali asalikhudze.

Tisa amakulunga mabotolo m'masokosi kuti asamveke mu minibasi. Lero waiwala. Mabotolowo asokosa njira yonse mpaka kwathu ku Chelstone, ndipo sindinamukumbutse.