Musang'ambe pulasitiki ya matiresi

Anaphiri,

Mukalowa kuchipinda musakuwe. Zili pabedizo ndi matiresi atsopano, anuanu! Koma chonde pulasitiki yakeyo musang'ambe.

Ndimafuna msana wanuwo upumeko, mwawerama mokwanira m'chigafa cha fodya chaka chino. Mutangopita kudimba m'mawa muja ndinayeza bedi ndi luzi, n'kukwera galimoto ya ku Mtunthama, kupita kusitolo ya a Hamdani. Kumeneko ndinagona pa matiresi onse mosinthasintha, anthu akuseka pakhomo. Ofewa aja ndi onyenga, munthu umamira ngati m'matope. Awa ndi olimba bwino, mtengo wakenso sunandilize.

Tsono vuto ndi ili. Popita paja, m'galimoto muja munali mayi wina wa ku Kapelula, nkhuku yake itamasuka miyendo. Ndinamudulirako luzi lija, iye n'kundisimbira mmene anathawira ukwati pa njinga ya apongozi ake. Nkhani yokoma zedi, ndidzakuuzani! Zoti luzi lafupika ndinaiwaliratu. Ndiye mwaona nokha, matiresi achepa, kumbali yanga kwatsala matabwa okhaokha.

Pepani, mayi. Ndabwerera kwa a Hamdani kukachonderera kuti atisinthire ndi aakulu, ndiyambe ndamva yankho ndisanawanyamule. Paja anati pulasitiki ikangong'ambika palibe kubweza. Mukhoza kugonapo pang'ono kuti msana ulaweko, koma muyambe mwachotsa mapini m'tsitsimo.

A Hamdani akakana, basi tizigona mothinana ngati chaka chimene tinakwatirana chija. Kunena zoona, mumtimamu ndikupemphera kuti akane.

Ndine wanu,
Sankhani