Mlamu wanga anatamanda munthu amene anamenyetsa mchimwene wanga

Agogo,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Chintheche ndipo ndimagulitsa mpunga wa ku Limphasa pamsika. Ndilinso mlembi wa amayi m'komiti ya chipani chathu m'dera lino. Dzina la chipanicho sinditchula, mundimvetse.

Khansala wa wodi yathu ndi mlamu wanga Lettie, mlongo wawo wa amuna anga. Anawina pa tikiti ya chipani chathu, ndipo ineyo ndinamuimbira pa kampeni mpaka mawu kusasa. Lettie sabisa mawu. Akuluakulu a chipani akabwera kuchokera ku Mzuzu, anzake amaomba m'manja, iye amaimirira n'kufunsa za mjigo umene analonjeza. Anthu wamba amamukonda, akuluakuluwo amangomupirira.

Mwezi watha kunali mwambo wa chiliza cha phungu wakale wa dera lino, wa chipani china, amene anthu ankamutcha Mwera. Munthu ameneyu amagawa anthu ngakhale ali m'manda. Ndi iye anaimira asodzi pamene mwini loji wina ankafuna kuwatsekera doko, ndipo mlatho umene timadutsapo ndi mpunga anamangitsa ndi iye. Zimenezo sindikana. Koma anali ndi anyamata ake. Chaka china cha chisankho anyamatawo anapeza mchimwene wanga Weston kwawo ku Kande atavala malaya a chipani chathu. Anamumenya ndi nkhafi, n'kumuotchera ukonde umene ankadyetsera ana ake. Mpaka lero khutu lake lakumanzere silimva, ndipo palibe anamangidwa.

Kuchilizako Lettie anapatsidwa mpata wolankhula ngati khansala. Wina anamujambula pafoni, ine ndinaonera pa WhatsApp ndili pamsika. Anati: "Ine ndale ndinaphunzira poonera ada agona apawa. Sankaopa munthu. Atsogoleri a lero, ngakhale a chipani changa, akanakhala ndi mtima ngati wawo, bwenzi tili patali." Amayi anaimba nthungululu. Za anthu amene anamenyedwa Lettie sananenepo kanthu.

Tsopano a gavanala a chipani m'boma lino amuitanira kukomiti yosungitsa mwambo, ndipo ine ndili m'komitiyo. A gavanalawo anandiimbira foni n'kunena kuti: "Mayi, chipani si msika wa usipa woti aliyense azikuwa mtengo wake. Mlamu wanuyo mukumudziwa bwino, mutithandize." Anaonjeza kuti Lettie akaimitsidwa, pa mapulaimale akubwerawa chipani chidzafuna mayi wodekha ngati ine. Sindikunamizani Agogo, mawu amenewo anandikomera.

Ndinapita kwa Lettie, ndinamupeza akuyanika chinangwa. Ndinamufunsa kuti, "Alamu, khutu la Weston mwaliiwala?" Iye anati: "Sindinaiwale. Koma pamanda sitiwerengera munthu machimo ake. Ndiponso akundiitanira kamwa langali, za Mwera angopezerapo mwayi." Nditamuuza kuti apepese, anaseka. "Ndipepese kwa a gavanala? Ndinawalakwira chiyani?"

Amuna anga, a Watipaso, sanachulutse. Anangoti, "Ukakweza dzanja pa mlongo wanga, usadzandifunse chifukwa chimene abale anga asiyira kukupatsa moni." Weston ankabwera kwathu Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, pano anasiya. Mkazi wake akuti kanemayo anamumvetsera atakanikiza foni kukhutu lakumva lija, kenako anatuluka panja osadya.

Agogo, ndikavota kuti aimitsidwe, banja langa ligwedezeka. Ndikamuteteza, ndamugulitsa mchimwene wanga, ndipo kuchipani andiona ngati wogalukira. Ndipange bwanji?

B.M., Chintheche

Mayi B.M.,

Zikomo chifukwa simunabise kuti lonjezo la a gavanala linakukomerani. Ambiri akanalidumpha, pamene nkhani yonse yagona pomwepo.

Ndikuuzani mosazungulira: mlandu umenewu simuyenera kuuweruza. Woimbidwa mlandu ndi mlamu wanu, wovulazidwa ndi mchimwene wanu, ndipo mpando umene ungatsale wopanda munthu auloza kale kwa inu. Mukakweza dzanja, anthu adzati mwatero chifukwa cha mpando. Mukalitsitsa, adzati n'chibale. Uzani komiti yonse, osati a gavanala okha pafoni, kuti mukudzipatula chifukwa nkhaniyi ikukhudza banja lanu, ndipo mupemphe kuti zilembedwe m'maminitsi. Kumeneko si kugalukira. Ngakhale kubwalo lamilandu woweruza amachoka pampando mlandu ukakhala wa m'bale wake.

Musanatuluke, funsani funso limodzi mwaulemu: kodi Lettie waphwanya ndime iti ya malamulo a chipani? Chipani chili ndi ufulu wosungitsa mwambo, ndipo khansala amene anawina pa tikiti yake sangamachinyoze pagulu n'kuyembekeza kuomberedwa m'manja. Mawu aja akuti "ngakhale a chipani changa" ayenera kuwayankha, ndipo chenjezo lingamuyenere. Koma kusirira munthu wakufa wa chipani china si mlandu pakokha. Ngati chilango chinakonzedwa kale iye asanamvedwe, ndiye kuti mlamu wanuyo akunena zoona, akumuitanira kamwa lake.

Pa za Weston, Lettie analakwa, ndipo musamunyengerere. N'zoona kuti pamanda sitiwerengera munthu machimo. Koma panalibe womukakamiza kunena kuti ndale anaphunzira kwa malemuyo. Akanatha kuthokoza mlatho ndi doko n'kukhala pansi. Munthu amene amadzitama kuti sabisa mawu sayenera kusankha choonadi chokoma chokha. Mwera anathandiza asodzi, Mwera yemweyo anasunga anyamata amene anaotcha ukonde wa msodzi. Womutamanda anene zonse ziwiri, kapena achepetse matamando.

Choncho bwererani kwa Lettie. Anakufunsani ngati mukufuna kuti apepese kwa a gavanala, ndiye mukamuuze kuti wofunika kumupepesa ali ku Kande. Apite yekha, osatenga gulu kapena wojambula, akakhale pakhonde la Weston n'kumva zimene zinamuchitikira kuchokera pakamwa pake. Ngati ndi wolimba mtima monga mwanenera, ulendo umenewu suyenera kumukanika.

Inunso mchimwene wanu musamudikire Lamlungu. Pitani mukamuone. Munafunsa Lettie, munamva a gavanala ndi amuna anu, koma mwini khutu simunamufunse chimene akufuna. Mwina safuna n'komwe kuti wina aimitsidwe. Mwina chikumupweteka n'chakuti kubanja kumene mlongo wake anakwatiwa aiwala zimene zinamuchitikira.

A Watipaso akhazikeni pansi mitima itazizira. Auzeni kuti simukweza dzanja pa mlongo wawo, koma nawonso adziwe kuti Weston ndi mlamu wawo. Zoopsezana ndi moni wa abale sizimanga banja.

Ngati ukhansala mukuufuna, si tchimo. Dikirani mapulaimale, muime poyera, mupikisane ndi Lettie anthu akuona, mukawina mudzayenda pamsika mutu uli m'mwamba. Koma chenjerani ndi mpando wopatsidwa chifukwa choti ndinu wodekha. Amene akukuyamikirani kudekhako akufuna kuti muzikhala chete. Tsiku limene anthu a m'wodi yanu adzakutumeni kukafunsa chinthu chowawa, komiti yomweyo idzakhalanso, ndipo mudzapeza mayi wina atalonjezedwa kale malo anu.

Agogo